Ukadina kiyi mawu nkumabwera mochedwa: mmene ndimasakira vutoli pa piano ya mu browser

Loweruka lina titamaliza pulakatisi ya kwaya ndinatsegula laputopu kuti ana angapo amene akufuna kuphunzira kiyibodi ayeseko kapulogalamu kamene ndakhala ndikupanga, ka piano ya mu browser, kosafuna zoti uyambe wapanga install, umangotsegula link basi makiyi ali pa sikirini. Kamtsikana kena kanakhala pansi nkuyamba do re mi fa bwinobwino, kufika pa so kanaima, kuyang'ana zala zake, kuyambiranso, kuimanso pomwe pomwepo, kenako nkunditembenukira kuti "ankolo chikumachedwatu ichi". Kunyumba ndinali nditayesa mpaka usiku chili bwinobwino. Chimene chinasintha chinali chimodzi, tsiku limenelo ndinalumikiza laputopu ku sipika ya Bluetooth kuti onse azimva. Nditazimitsa Bluetooth nkuika chingwe cha aux, mwana uja anaimba mpaka do wam'mwamba osapunthwa.

Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya kuchedwa kwa mawu sindiitenganso mopepuka, ndipo imabwerabwera, ukaikonza uku mawa yatulukira kwina pa foni ya munthu wina. Munthu wodziwa kale kuimba akamva kuti chida chikuchedwa amadziwa kuti vuto ndi chida. Wophunzira sadziwa zimenezo, amaona ngati wolakwa ndi iyeyo, nde amayamba kudina msanga kuti afanane ndi metronome, kachida kogunda tiki tiki kosungira liwiro la nyimbo, ndipo chizolowezi chimenecho amapita nacho pa kiyibodi yeniyeni ya kutchalitchi nkumathamangira kutsogolo kwa kwaya. Apa nde kuti pulogalamu yathu yamuphunzitsa zolakwika, chikhalirecho tinaipanga kuti imuthandize.

Kuchedwa pang'ono kumakhalapo nthawi zonse. Mawu mumpweya amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, nde sipika ikakhala pa mita imodzi kuchokera pa khutu pali kale ma millisecond atatu, palibe amadandaula nazo. Mmene ndimamvera ine m'zala zanga, mpaka cha m'ma 20 ms zimaimbika bwino, ikadutsa 40 chala chimayamba kudziwa kuti china chake sichili bwino, ikafika 100 basi nyimbo yothamanga siingatheke.

Musanakhudze code ngakhale mzere umodzi yezani kaye. Ine ndimatenga foni, kuika voice recorder, kuigoneka pakati pa kiyibodi ndi sipika, nkumadina kiyi mwamphamvu kuti ka "tha" ka chala kamveke, kakhumi konse. Fayiloyo ndimaitsegula mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu, nkukulitsa mpaka ndione timapiri tiwiri, koyamba ka chala kachiwiri ka noti, mpata wa pakati pa tiwiriti nde kuchedwa kwenikweni kumene wophunzira akumva. Ngati mipata yonse khumi ili yofanana, vuto lili pa njira imene mawu akudutsa. Ngati ikusinthasintha, uku 30 uku 90, vuto lili mu code yanu, china chake chikutsekereza browser. Kusiyanitsa ziwirizi kumakupulumutsani masiku ambiri. Mu console mutha kuonanso audioCtx.baseLatency ndi audioCtx.outputLatency, zimapereka masekondi, kungoti ma browser akale ena alibe outputLatency ndipo pa Bluetooth nambala yake siimakwanira nthawi zonse, nchifukwa chake ndimakhulupirira kwambiri zojambula pa foni zija.

Nde funso loyamba kwa aliyense wodandaula likhale loti mukumvera pa chiyani. Pa Bluetooth mawu amayamba apakidwa kaye mu codec kuti achepe, kutumizidwa pa mpweya, kukasungidwa pang'ono mu buffer, malo odikirirapo, ya sipikayo kapena ma earphone kuti asamadukeduke, kenako nkumasulidwa, zonsezi nthawi zambiri zimadya pakati pa 100 ndi 300 ms. Anthu amatsutsa kuti komatu pa YouTube milomo ndi mawu zimayendera limodzi, eya, chifukwa pa kanema foni imatha kuchedwetsa chithunzi dala kuti chidikire mawu. Chala cha munthu sungachichedwetse choncho. Apa palibe code imene ingakonze, lembani pa tsamba loyamba penipeni kuti gwiritsani ntchito ma earphone a chingwe kapena sipika ya foni yomweyo.

Ngati ndi chingwe koma kukuchedwabe, onani mmene mukulizira mawuwo. Ambirife timayamba ndi new Audio("c4.mp3").play() chifukwa ndi mzere umodzi ndipo zimalira. Koma chimenecho anachipangira kuliza nyimbo yathunthu kapena podcast, sichilonjeza nthawi yeniyeni yoyambira, ndipo ukadina kiyi yomweyo kawiri mofulumira kachiwiri kamatha kusowa kapena kudula koyamba. Piano imafuna Web Audio API. Mupange AudioContext imodzi yokha ya pulogalamu yonse, osati yatsopano pa noti iliyonse, mutenge mafayilo onse a manoti ndi fetch, muwadutsitse mu decodeAudioData tsamba likamatseguka, muwasunge. Munthu akadina mumangopanga AudioBufferSourceNode yatsopano, kuipatsa buffer, kuilumikiza, start() pompo. Node imeneyi imalira kamodzi kokha nkutha, musavutike kuisunga kuti muigwiritsenso ntchito, ndi yotchipa kupanga, chodula ndi buffer ija ndipo imeneyo ilipo kale. Web Audio imagwira mawu m'timagawo ta ma frame 128, pa 44100 Hz nde pafupifupi 2.9 ms, kutanthauza kuti injini yakeyo si imene ikukuchedwetsani. Onaninso kuti latencyHint ili pa "interactive", nde imene imakhalapo kale mukapanda kulemba kanthu, koma nthawi zina munthu amakopera code ya music player imene inaika "playback" osazindikira, pamenepo browser imasankha buffer yaikulu kuti isunge batire.

Amene mukugwiritsa ntchito Tone.js, pali kamsampha kamene kanandidyera sabata yathunthu. Library imeneyi imakhala ndi lookAhead ya masekondi 0.1, ndipo Tone.now() imaphatikiza 100 ms imeneyo pa nthawi ya pano. Kwa nyimbo yokonzedwa kale zimenezi ndi zabwino kwambiri, zimapangitsa kuti isamadukeduke, koma kwa kiyi imene munthu wadina pompano nde kuchedwa kumene. Pa manoti a chala gwiritsani ntchito Tone.immediate() kapena tsitsani lookAhead ifike pa 0.

China chobisika ndi fayilo yeniyeniyo. MP3 ikamapangidwa encoder imaika kachete koyambirira, ka ma sample cha m'ma 1105, pa 44100 Hz nde pafupifupi 25 ms, ndipo si decoder iliyonse imene imakachotsa. Kuphatikiza apo amene anajambula notiyo mwina anasiyanso kampata nyundo isanamenye waya. Nde code yanu itha kukhala yachangu koma ikuliza chete. Ine buffer ikangomasulidwa ndimayenda mu getChannelData(0) kusaka pamene mawu ayamba kukwera kudutsa kamlingo kakang'ono, ndisunge malo amenewo, nkumapereka ngati offset, start(0, offset). Mizere isanu basi.

Pa nkhani ya mafayilo a manoti pomwepa, amene nawonso timawatcha ma sample, ndinenepo za foni zotchipa, chifukwa ana ambiri amene ndimawaphunzitsa akugwiritsa ntchito foni za makolo awo za RAM ya 2 GB. Mawu akamasulidwa amasungidwa ngati 32-bit float, nde sekondi imodzi ya stereo pa 48000 Hz ndi 384 KB, noti ya masekondi 10 ndi 3.84 MB, muchulukitse ndi makiyi 88 mwadutsa 330 MB, tab imangofa kapena foni kuyamba kukoka miyendo, osanena za bandulo imene yapita potsitsa mafayilowo. Simukufunika sample ya kiyi iliyonse. Ngakhale Salamander Grand Piano, ma sample aulere amene Alexander Holm anajambula pa piano ya Yamaha C5, anajambula kiyi imodzi pa makiyi atatu alionse, zotsalazo mumazipeza posintha playbackRate, kukwera semitone imodzi ndi kuchulukitsa ndi 2 to the power 1/12, pafupifupi 1.0595. Ma sample 30 akwanira piano yonse, muwaike mono, mudule michira, ndipo kwa woyamba kumene yambani mwatsitsa ma octave apakati okha enawo azibwera pambuyo.

Tsopano mbali ya chala. Ngati mwalemba addEventListener("click") pa makiyi a pa sikirini, dziwani kuti click imachitika chala chikachoka, osati chikafika. Piano imalira chala chikafika. Sinthani muike pointerdown poyambira, pointerup ndi pointercancel posiyira, ndipo pa CSS muike touch-action: none pa makiyiwo kuti browser isamadikire kuona ngati munthu akufuna kupanga scroll kapena zoom. Ma browser akale a pa foni ankadikira 300 ms kuona ngati udinanso kachiwiri, ngati tsamba lanu lilibe meta viewport ya width=device-width mutha kukumana nazobe. Pa kiyibodi ya kompyuta, ukagwira batani osasiya keydown imangobwerezabwereza nde noti imamveka ngati mfuti, onani event.repeat, ikakhala true musalize. Ndipo gwiritsani ntchito event.code osati event.key, chifukwa code imanena malo a batani, nde munthu wa kiyibodi ya AZERTY kapena amene wayatsa Caps Lock sasokonekera.

Pali dandaulo lina limene limabwera kuti ndikadina chord noti imodzi sikulira. Mukayesa do mi so pamodzi pa kiyibodi ya laputopu, mabatani ena atatu amatheka ena satheka. Imeneyi si code yanu. Makiyibodi ambiri olembera mawaya ake amkati anawalumikiza mogawana mizere, nde pa magulu ena batani lachitatu silitumizidwa nkomwe. Chimene mungachite ndi kuyesa ma chord amene maphunziro anu akufuna pa malaputopu angapo nkusuntha mabatani ngati kungatheke, apo ayi maphunziro a ma chord akhale a touch kapena MIDI, njira imene kiyibodi yoimbira imatumizira manoti ku kompyuta.

Kuchedwa kosinthasintha kuja, nthawi zambiri ndi zojambula pa sikirini. Mawu amapangidwa pa thread yakeyake, koma keydown, pointerdown ndi uthenga wa MIDI zonse zimafikira pa main thread, pomwe pomwenso pakujambulidwa manoti akugwa aja, staff, ma animation. Ngati kudina kiyi imodzi kukupangitsa kuti React, library yojambulira tsamba, ijambulenso makiyi onse 88, kiyi yachiwiri imaima pa mzere kudikira. Pa sikirini ya 60 Hz muli ndi 16.7 ms yokha pa frame iliyonse. Lamulo langa ndi loti mu handler, code imene imadzuka kiyi ikadinidwa, mzere woyamba ndi kuliza mawu, china chilichonse pambuyo, kusintha mtundu wa kiyi kupite mu requestAnimationFrame, kuwerengera ma marks kudikire. Tsegulani Performance tab mu DevTools, muike CPU throttling kuti kompyuta yanu ikhale ngati foni yofooka, muimbe kwa masekondi khumi, muona ma task aatali aja ali ndi kofiira pakona.

Metronome nayo imadwala matenda omwewa. Mukaipanga ndi setInterval imayenda bwino masekondi oyamba kenako nkumatsimphina, chifukwa timer ya JavaScript imalira pamene main thread yapeza mpata, ndipo tab ikapita kumbuyo browser imatha kuichepetsa mpaka kamodzi pa sekondi. Njira imene Chris Wilson wa ku Google anafotokoza mu 2013 ikugwirabe ntchito mpaka pano: timer izidzuka pa 25 ms iliyonse, iyang'ane audioCtx.currentTime, ndipo kugunda kulikonse kumene kukuyenera kulira mu 100 ms ikubwerayi ikuikiretu pa nthawi yake yeniyeni ndi start(nthawi). Timer ikachedwa pang'ono palibe kanthu, kugundako kunaperekedwa kale ku wotchi ya mawu imene siphonya.

Nanga ngati sikulira nkomwe? Ambiri ndi autoplay policy. Kuyambira Chrome 71, mu Disembala 2018, AudioContext imene yapangidwa munthu asanakhudze tsamba imayamba ili "suspended". Ikani batani lalikulu loti Yambani, mkati mwa handler yake muitane audioCtx.resume(). Batani limeneli ndi lofunika kwambiri ngati munthu akugwiritsa ntchito kiyibodi ya MIDI, chifukwa kudina kiyi ya MIDI browser siiwerenga ngati kukhudza tsamba, nde makiyi pa sikirini aziyaka koma mawu zii. Pa iPhone onaninso ka switch ka silent ka m'mbali kaja, kakakhala pa silent Web Audio imakhala chete ngakhale volume ili pamwamba. Ndipo munthu akalandira foni kapena kutuluka mu browser nkubwerera, onani audioCtx.state kachiwiri, ngati siili "running" mubwezeretse batani lija.

Ku MIDI nde kumene kuli zambiri. Web MIDI inalowa mu Chrome 43 mu 2015, Firefox inabwera nayo pa 108 kumapeto kwa 2022, Safari ilibe, nde pa iPhone ndi iPad musayembekezere kuti kiyibodi ioneka, muuzeni munthu mwachindunji mmalo momusiya akuzula nkubwezera chingwe. Imafuna HTTPS kapena localhost, mukatsegula pa http wamba navigator.requestMIDIAccess imangosowa, ndipo ma browser a masiku ano amafunsa chilolezo, munthu akadina Block mwangozi ayenera kukasintha mu site settings. Ngati zonsezi zili bwino koma kiyibodi sikuoneka, onani chingwe. Makiyibodi ambiri ali ndi USB ya mtundu B, ija ngati ya printer, pa foni ya Android pamafunika ka adapter ka OTG, ndipo pa timakiyibodi tating'ono ta micro USB kapena USB-C samalani ndi zingwe zongotchajira zopanda mawaya a data, magetsi amayaka koma uthenga sudutsa. Pa Windows nthawi zambiri pulogalamu imodzi ikatsegula MIDI port inayo singathe, nde tsekani DAW, pulogalamu yojambulira nyimbo, kapena tab ina imene yagwira kale. Mu code muike onstatechange kuti kiyibodi yolumikizidwa tsamba litatseguka kale izipezeka osapanga refresh.

Uthenga wa MIDI wa noti ndi manambala atatu: status (mtundu wa uthenga), noti, velocity (mphamvu imene kiyi yadinidwira). 144 ndi note on pa channel yoyamba, 128 ndi note off, middle C ndi 60, piano yonse imayambira 21 kukathera 108. Musafananize status ndi 144 mwachindunji, pangani status & 0xF0 chifukwa kiyibodi ina imatumiza pa channel ina. Makiyibodi ambiri satumiza 128 nkomwe, amatumiza note on ya velocity 0, imeneyo muitenge ngati note off, mukapanda kutero manoti amangokakamira kulira osasiya. Ena amatumizanso 254, active sensing, kangapo pa sekondi, ndi 248 ya clock, zimenezo muzitaye koyambirira kwa handler, osazilemba mu console chifukwa console.log yambiri nayonso imachedwetsa. Pedal ya sustain ndi control change 64, kuyambira 64 kukwera nde kuti yapondedwa, pamenepo note off musaizimitse, muisunge pa mndandanda mpaka phazi lichoke. Manoti okakamira amabweranso munthu akasintha window atagwira batani, keyup imapita kwina, nde pa window blur muzimitse zonse. Pozimitsa musadule ndi stop() pompo, pamamveka ka "thi", mudutsitse noti iliyonse pa GainNode yake nkutsitsa ndi setTargetAtTime kenako stop patsogolo pang'ono.

Koma chimene ndinachedwa kuchizindikira nchakuti ngati kiyibodi ili ndi masipika akeake, ngati ma Yamaha PSR amene ali m'matchalitchi ambiriwa, browser isamalize mawu a chala nkomwe. Kiyibodi ikulira kale yokha pompopompo, mukawonjezera ya browser munthu amamva noti kawiri, yachiwiri ikutsatira m'mbuyo ngati echo, ndipo amasokonekera kuposa poyamba. Ndinaika ka switch koti "kiyibodi yanga ili ndi mawu ake", kakayatsidwa pulogalamu imangomvetsera MIDI, kuonetsa makiyi, kuliza metronome ndi kupereka ma marks.

Pa ma marks pomwepo samalani kwambiri, chifukwa apa nde pamene mwana amauzidwa kuti walakwa. Musatenge nthawi imene handler yanu yadzuka, tengani event.timeStamp ya uthenga wa MIDI kapena ya pointerdown, imeneyo ili pa wotchi ya performance.now(), pamene metronome ili pa wotchi ya AudioContext, nde ziwirizi muzilumikize ndi getOutputTimestamp(). Kumbukiraninso kuti mwanayo akutsatira kugunda kumene wamva m'khutu, kumene kwatuluka mochedwa pang'ono kuyerekeza ndi nthawi imene munakuika mu code. Ine munthu akatsegula koyamba pa chipangizo chatsopano ndimamupempha adine kiyi imodzi motsatira metronome ka 16, ndimataya zinayi zoyamba chifukwa amakhala akufufuza kaye liwiro, pa zotsalazo ndimayeza mpata wa pakati pa kugunda ndi kudina nkutenga nambala ya pakatikati, nambala imeneyo ndiisunge mu localStorage nkumaichotsera pa noti iliyonse ndisanapereke ma marks. Akasintha ma earphone kapena kulumikiza sipika ina, devicechange ya navigator.mediaDevices imandiuza pa ma browser amene ali nayo, pamenepo ndimamupempha ayezenso, ndipo batani loyezeranso ndinaliika poonekera mu settings kwa amene browser yawo siinena.